Andipeza ndi mapuloteni mu mkodzo, kodi impso zanga zatha?

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 48. Kwathu ndi ku Salima koma ndimakhala ku Rosettenville, ku Joni, ndipo ndimagwira ntchito yaulonda wausiku. Anandipeza ndi shuga mu 2016. Ndimamwa metformin, ngakhale sindinama, miyezi ina ndimadumphitsa ntchito ikathina. Masiku ano mkodzo wanga ukumachita thovu. Sabata yatha kukiliniki anesi anaviika kapepala mu mkodzo n'kunena kuti muli mapuloteni, kenako anandiwonjezera mapilitsi a enalapril, chonsecho BP yanga inali 138/86 basi. Malume anga anamwalira ndi impso atatupa thupi lonse, ndiye mtima wanga suli m'malo. Mnzanga wina akuti metformin ndi amene wandiwonongera impso, ndisiye, ndizimwa mankhwala otsuka impso amene iye amagulitsa. Kodi impso zanga zatha? Ndisiye nyama? Kapena ndingolongedza ndizipita kumudzi kusanade?"

Bambo, pepani ndi nkhawa yonseyi, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanataye mapilitsi. Zimene mwalembazi sizikusonyeza kuti impso zanu zatha. Mwa munthu wa shuga, mapuloteni mu mkodzo kawirikawiri ndi chizindikiro choyambirira, chimene chimaoneka zaka zambiri impso zisanafookeretu. Odwala amene amandimvetsa chisoni ine ndi aja amafika kuchipatala atatupa kale nkhope, akusanza, chikhalirecho mkodzo wawo sunayezedwepo chiwapezereni ndi shuga. Inu mwadziwa mukadali ndi mphamvu zochezera pageti usiku wonse. Mpata wochitapo kanthu ulipo. Komabe ndiyankhula nanu mosapsatira, chifukwa kwa ife ochokera kumudzi amene tili kuno ku Joni, matenda a impso si oti tiziwatenga mwachibwana.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Tsiku lililonse impso ziwirizi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera pafupifupi onsewo m'thupi, kusiya lita imodzi kapena awiri amene timakodza. Mukudziwa mmene sefa yabwino imadutsitsira ufa n'kugwira misere. Misere yake apa ndi puloteni yotchedwa albumin, imene iyenera kutsala m'magazi chifukwa ndi imene imathandiza kuti madzi asamatuluke m'mitsempha. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, magazi amalowa m'timasefa timeneti mwamphamvu kuposa muyeso, timitsempha take timakhuthala n'kuchita zipsera, ndipo albumin imayamba kudutsa. Poyamba imadutsa yochepa kwambiri. Ikamachuluka, iyonso imawonjezera kuwononga impso podutsapo, n'chifukwa chake timalimbana nayo kuti ichepe. Ikamatayika yambiri zedi, madzi amayamba kudzadza m'mapazi, m'miyendo ndi kumaso, ngati mmene mukufotokozera za malume anu. Mwa anthu atatu odwala shuga, pafupifupi mmodzi amadzakhala ndi vuto la impso, ndipo amene ali ndi wachibale amene anadwalapo impso ayenera kukhala tcheru kwambiri.

Chovuta n'chakuti impso za munthu wa shuga zimawonongeka mwakachetechete. Anthu ambiri akamva msana kupweteka amati ndi impso, pamene nthawi zambiri umakhala msana basi. Thovu nalonso si umboni wokwanira. Mkodzo wotuluka mwamphamvu umachita thovu, mkodzo wa munthu amene sanamwe madzi okwanira umachitanso thovu, ngakhale mankhwala otsukira chimbudzi amene. Thovu la mapuloteni limakhala lothinana ndipo silitha msanga, koma chotitsimikizira ndi labu.

Ndiye choyamba chimene ndikufuna muchite n'kubwerera kukiliniki kukapempha kuti mkodzo wanu utumizidwe kulabu akayeze chimene amachitcha ACR, nambala yoonetsa kuchuluka kwa albumin mu mkodzo. Kapepala koviika kaja kamangotiuza kuti mapuloteni alimo, sikatiuza bwinobwino kuchuluka kwake, ndipo mkodzo ukakhala wokhuthala kamatha kunamiza. Komanso akakhala ochepa kwambiri sikawaona n'komwe, n'chifukwa chake munthu aliyense wa shuga ayenera kuyezetsa ACR kamodzi pachaka ngakhale kapepala katanena kuti zili bwino. Malabu a kuno amalemba zotsatira mu mg/mmol. Nambala ikakhala pansi pa 3, zili bwino. Kuyambira 3 mpaka 30, impso zayamba kudontha, ndipo pamenepa anthu ena akagwira bwino shuga ndi BP nambala imatha kubwerera pansi. Ikapitirira 30 ndiye kuti zikudontha kwambiri. Pepala lanu likalembedwa mu mg/g, malire ake ndi 30 ndi 300. Mkodzo wabwino kuyeza ndi woyamba munthu akangodzuka. Kwa inu ogwira ntchito usiku, umenewu ndi uja mumakodza mukadzuka masana, osati wa m'mawa mukuchokera kuntchito mutaima usiku wonse.

Sitigamula ndi kuyeza kumodzi. Timafuna mikodzo iwiri mwa itatu, yoyezedwa m'kati mwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ionetse chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti pali zinthu zina zimene zimakweza mapuloteni kwa masiku ochepa kenako n'kutsika: matenda a m'chikhodzodzo, kutentha thupi, ntchito yolemetsa kapena mpira wa dzulo lake, shuga kapena BP yokwera kwambiri tsiku limenelo, ndipo kwa amayi, kusamba. Poti mwati kwanu ndi ku Salima, ndiwonjezere chinthu chimene anesi a kuno sangachiganizire msanga: likodzo. Munthu amene anakulira kunyanja, kapena amene amakasamba m'nyanja akapita kutchuthi, akhoza kukhala nalo kwa zaka, ndipo limaonetsa magazi ndi mapuloteni mu mkodzo. Auzeni okha kuti mumachokera kunyanja, akayang'ane mazira ake. Mankhwala ake, praziquantel, ndi a tsiku limodzi. Yezetsaninso HIV ndi hepatitis B ngati papita nthawi, chifukwa nazonso zimagwira impso, ndipo amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir ayenera kuyezedwa impso pafupipafupi. Si chilichonse chimene chimachitika m'thupi la munthu wa shuga chimene chimachokera ku shuga.

Nambala yachiwiri imachokera m'magazi. Amayeza creatinine, chonyansa chimene impso zimachotsa m'magazi, n'kuwerengera eGFR, imene imatiuza mphamvu imene impso zatsala nayo. Mwa munthu wathanzi imakhala cha m'ma 90 kapena kuposa. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu timati impso zafooka, pansi pa 30 zafooka kwambiri, ndipo pansi pa 15 m'pamene timayamba kukamba za makina osefa magazi. Anthu ambiri amene amandibweretsera nkhani ngati yanuyi eGFR yawo imakhala ikadali pamwamba. Pemphaninso kuti akuunikeni m'maso. Timitsempha ta kuseri kwa diso timadwalira limodzi ndi ta m'impso, ndiye tikapeza mapuloteni ochuluka koma maso ali bwinobwino, kapena mu mkodzo muli magazi, timayamba kufufuza matenda ena.

Tsopano za enalapril, amene mukuoneka kuti mukumukayikira. Anesi aja sanalakwitse. BP ya 138/86 kwa munthu wina ingaoneke yabwino, koma kwa munthu wa shuga amene impso zayamba kudontha timafuna ikhale pansi pa 130/80. Ndiponso mankhwalawa sagwira ntchito yotsitsa BP yokha. Amamasula kamtsempha kamene kamatulutsa magazi m'kasefa kalikonse, ndiye kupanikizika kwa m'katimo kumachepa, albumin imadontha yochepa, ndipo impso zimakhalitsa. Pa mankhwala onse amene amapezeka kukiliniki yaboma, awa ndi amene ndawaona akusunga impso za anthu kwa zaka zambiri, bola munthu azimwa tsiku ndi tsiku. Vuto ndi lakuti munthu samva kusintha kulikonse m'thupi, ndiye ambiri paketi ikatha sabwereranso. Chonde musakhale mmodzi wa iwo.

Pali zinthu zoti mudziwe pa mapilitsi amenewa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni, magazi ayenera kuyezedwanso kuti tione creatinine ndi potaziyamu. Creatinine ikakwera pang'ono musadzidzimuke, zimayembekezeka. Dokotala amada nkhawa ikakwera kupitirira 30 peresenti. Anthu ena amayamba kachifuwa kouma kokanda pakhosi kamene sikamva mankhwala a chifuwa. Zikatero musangosiya mwakachetechete, kanenani, akusinthireni losartan amene amagwira ntchito yofanana. Awiriwa samwedwa pamodzi. Chachitatu sichichitikachitika, koma chimagwira kwambiri ife anthu akuda kuposa ena: kutupa milomo, lilime kapena kukhosi. Zimenezi zikachitika, ngakhale patatha miyezi mukumwa bwinobwino, siyani pomwepo, thamangirani kuchipatala, ndipo musadzamwenso enalapril. Amayi amene mukuwerenga, mankhwala amenewa amavulaza mwana m'mimba, ndiye ngati mukufuna pathupi kapena mwadumpha mwezi, uzani achipatala msanga.

Tsiku limene mwatsekula m'mimba kwambiri kapena mukusanza moti madzi sakukhazikika, imitsani kaye enalapril ndi metformin, muzimwa madzi pang'onopang'ono, n'kupita kukiliniki. Thupi likauma, mankhwala omwe aja amateteza impso amatha kuzipanikiza. Mukayamba kudya ndi kumwa bwino, muyambirenso.

Mnzanu uja akulakwitsa pa za metformin, ndipo bodza limeneli lawonongetsa anthu ambiri. Metformin sawononga impso. Chimene chimachitika n'chakuti amatuluka m'thupi kudzera m'impso, ndiye impso zikafooka amatsalira m'magazi. N'chifukwa chake eGFR ikatsika pansi pa 45 timachepetsa mlingo, ndipo ikafika pansi pa 30 timamusiyitsa. Anthu akaona wodwala impso wasiyitsidwa metformin amaganiza kuti ndiye anali wolakwa. Ngati impso zanu zavutikadi ndi shuga, bambo, chimene chazivutitsa ndi miyezi ija mumadumphitsa, pamene shuga amakhala pamwamba inu osadziwa. Sindikunena izi mokudzudzulani. Ndikudziwa kuti kupempha tsiku kwa bwana kuti mukafole pamzere kuyambira m'bandakucha si chinthu chapafupi, makamaka kwa munthu amene tsiku losagwira ntchito salipidwa. Shuga ndi BP zikakhazikika, funsani za ndondomeko ya CCMDD, imene imalola odwala matenda okhalitsa kumakatengera mankhwala awo pamalo ena apafupi osadikira mzere wa kukiliniki. Nambala yoti muziifunsa ndi HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo. Kwa munthu wa msinkhu wanu timafuna ikhale cha m'ma 7. Akakuuzani kuti nthawi ya insulin yakwana musakane. Jakisoni ameneyu sapha impso, ndipo impso zikafooka ndi amene timamudalira.

M'zaka zaposachedwa kwabwera mankhwala ena, dapagliflozin ndi empagliflozin, amene kafukufuku wamkulu wa 2020 ndi 2022 anaonetsa kuti amachedwetsa kufooka kwa impso komanso amateteza mtima. Amamwedwa kamodzi patsiku, kuwonjezera pa enalapril. Sapezeka pakiliniki iliyonse ndipo kugula nokha kumafuna ndalama, koma ACR yanu ikatuluka yokwera, funsani dokotala za mankhwalawa. Amatulutsa shuga mu mkodzo, ndiye ena amamva kuyabwa kumaliseche; ukhondo ndi mankhwala opaka zimathetsa vutolo. Akakupatsaninso simvastatin wa mafuta a m'magazi, landirani. Anthu ambiri a shuga amene ali ndi mapuloteni mu mkodzo amagwa ndi mtima kapena sitiroko impso zisanatheretu. Ngati mumasuta fodya kuti musagone pantchito, ameneyo ndiye woyamba kusiya.

Pali chinthu china chimene simunalembe koma ndikuchikayikira, chifukwa alonda ambiri amene ndimawaona amachita: mankhwala opha ululu. Kuzizira kwa June ndi July kuno kumalowa m'mafupa, munthu n'kumangogula Brufen, diclofenac, kapena indosidi wochokera kumudzi, mwinanso timapaketi ta Grand-Pa pa spaza, amene muli aspirin. Mankhwala a mtundu umenewu amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo akakumana ndi enalapril m'thupi la munthu amene sanamwe madzi okwanira, impso zimatha kuima mwadzidzidzi. Thupi likaphwanya imwani Panado pa mlingo wake. Likamapitirira, kaonetseni.

Mankhwala otsuka impso amene mnzanuyo akugulitsa musamwe. Sindinyoza zitsamba zonse, tonse tinakula nazo. Koma botolo losalembedwa, losakanizidwa ndi munthu amene sakudziwa eGFR yanu, ndi loopsa kwa impso zodwala kale. Ambiri mwa mankhwala amenewa amatsekula m'mimba kapena kukodzetsa kwambiri, munthu n'kumaona ngati zoipa zikutuluka, pamene thupi likuuma. Ndalandirapo odwala amene impso zawo zinali zikugwira ntchito ndithu, n'kuima m'masiku ochepa atamwa zoterezi. Impso sizitsukidwa, ngakhale ndi madzi ambirimbiri. Imwani madzi monga mwa ludzu lanu, osadzikakamiza.

Nyama musasiye, koma musaichulutse. Ena amaganiza kuti poti mapuloteni akutayika ndiye azidya nyama yambiri kuti abwezere, pamene kutero kumangowonjezera ntchito ya impso. Kanyama kokwana pachikhatho, nsomba, dzira, nyemba, zonsezi n'zabwino. Mdani wamkulu m'mbale mwanu ndi mchere, chifukwa umakweza BP komanso umafooketsa mphamvu ya enalapril. Bungwe la WHO limalangiza kuti tisapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika m'zakudya. Dziko lino la South Africa linaika malamulo ochepetsa mchere mu buledi ndi zakudya zina za m'mafakitale kuyambira 2016, komabe zakudya zimene munthu wokhala yekha amadalira, monga polony, ma russian, atchar, supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo, zikadali ndi mchere wambiri. Kota imodzi, buledi uja woikamo tchipisi ndi polony, ikhoza kukufikitsani pafupi ndi mlingo wa tsiku lonse. Usipa kapena nsomba zouma zimene amatibweretsera a thiransipoti, ngati zili zamchere, ziviikeni kaye m'madzi n'kutaya madziwo. Mchere uja amati wa anthu a BP musagule musanafunse, chifukwa muli potaziyamu amene sagwirizana ndi enalapril. Nsima idyani, koma mitanda ichepe, masamba achuluke, ndipo zakumwa zotsekemera zothamangitsira tulo zilowedwe m'malo ndi tiyi wopanda shuga.

Ndinati ndiyankhula mosapsatira, ndiye mverani. Impso zikatheratu, munthu amafunika makina osefa magazi katatu pasabata, maola anayi ulendo uliwonse, moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa impso ina. M'zipatala zaboma za kuno malo a makina amenewa ndi ochepa kwambiri, ndipo amasankha odwala amene angathe kudzaikidwa impso ina. Mu 1997, pa mlandu wa Soobramoney, bambo wa ku Durban amene anali ndi shuga, matenda a mtima komanso impso zolephera, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lino linagamula kuti boma likhoza kusankha motero poti zipangizo n'zochepa. Ameneyo anali mzika. Kwa munthu wobwera amene alibe chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, khomo limeneli ndi lopapatiza koposa, ndipo kuzipatala zolipira ndalama zake mlonda sangazikwanitse. Kwathu makina alipo, monga ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre, koma nakonso odwala amachuluka kuposa makina. Ndikunena izi kuti muone kulemera kwa kapilitsi kamene mwapatsidwa ndi ka botolo ka mkodzo kamene ndikukutumani. Panopa thandizo lanu ndi lotsika mtengo ndipo lili pafupi.

Za kupita kumudzi, musanyamuke chifukwa cha mantha. Palibe chimene mwalemba chimene chikusonyeza kuti mwatsala pang'ono kufa, ndipo kuyeza ACR ndi eGFR n'kosavuta kuno kusiyana ndi kuchipatala chaching'ono chakumudzi. Ndikudziwa kuti ena mwa ife amalankhulidwa mawu opweteka kapena kubwezedwa pageti la kiliniki. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la zaumoyo ndipo palibe amene ayenera kukanizidwa thandizo ladzidzidzi. Zikavuta pamalo amodzi yesani kiliniki ina, kapena lipirani dokotala wapafupi akutumizeni kulabu, koma musakhale miyezi opanda mankhwala. Mukadzapita kutchuthi mu December, tengani mapilitsi okwanira masiku onse ndi ena apadera, muwasunge m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi khadi lanu lakuchipatala. Ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge ndi ku Tete ndi wautali komanso wotentha, ndipo anthu amadzimana madzi poopa kuvutika ndi chimbudzi. Inu musatero.

Pemphani kalata yopita kwa akatswiri a impso, amene ali kuzipatala za Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath, ngati eGFR yatsika pansi pa 30, ngati ikugwa mofulumira pakati pa kuyeza kuwiri, ngati ACR ikukwerabe muli pamankhwala, ngati mu mkodzo mukupezeka magazi popanda likodzo kapena matenda a m'chikhodzodzo, kapenanso ngati BP ikukana kutsika mukumwa mitundu itatu ya mapilitsi. Koma musadikire kalata kapena tsiku lanu la kukiliniki mukaona nkhope ndi miyendo zikutupa msanga, mukubanika makamaka mukagona chagada, mkodzo wachepa kwambiri, mukusanza kosalekeza, mutu ukusokonezeka, kapena pachifuwa pakupweteka. Pamenepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chinanso chimene anthu amachisangalalira molakwika ndi shuga amene wayamba kumangotsika yekha mwa munthu amene ali pa insulin kapena mapilitsi a shuga a glimepiride. Nthawi zina kumakhala kuti impso zafooka ndipo mankhwala akukhalitsa m'thupi, ndiye zikachitika kanenani msanga.

Mukapita sabata ino, tengani mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula pa spaza ndi botolo la mnzanu uja ngati munalandira kale, anesi awaone. Pemphani kuti akulembereni ACR, eGFR ndi HbA1c m'kabuku kanu pamodzi ndi deti lake, kuti kulikonse kumene mungadzapite, kaya ndi kuno kaya ndi ku Salima, wokuonani adzathe kuyerekeza. Zotsatira zikatuluka ndilembereninso manambala atatuwo, tidzaone limodzi ngati mlingo wa enalapril ukufunika kukwezedwa.